Mashingozi: Kachirombo Kogona M'thupi

Amayi, mwamva m'sewero lija mayi wa ku Chinakanaka akulira ndi matuza otentha kunthiti, apongozi ake nkumati afiti amuotcha usiku. Aja ndi mashingozi, ndipo gwero lake ndi katsabola amene mayiyo anadwala ali mwana.

Mwana akachira katsabola, kachirombo kake sikachoka m'thupi ai. Kamatsata mitsempha yomvera kukhudza ndi ululu, nkukabisala pa timfundo ta mitsemphayi pafupi ndi fupa la msana. M'kati mwa kachiromboka muli timalangizo pafupifupi 70 tokauza mmene kangaswanirane. Akatswiri amatitcha ma gene. Musamve ngati ndanena majini a mizimu, izi ndi zina. Kakabisala, timalangizoti timakulungidwa nkutsekeka, totseguka nkungotsala towerengeka. Choncho sikaswana, ndipo munthu samva kanthu zaka 20, 40 kapena moyo wake wonse. Kali ngati khala lamoto limene mwakwirira ndi phulusa pogona.

Phulusa lake ndi chitetezo cha m'thupi. Chikachepa chifukwa cha ukalamba, kansa, mankhwala ena amphamvu kapena HIV, timalangizo tija timatseguka motsatana, toyamba nkudzutsa tinzake, mpaka kachirombo kayamba kuswana. Kamatsikira pakhungu potsata mtsempha umodzi womwe uja. Nchifukwa chake matuza amandandalika mbali imodzi ngati lamba, osadumpha pakati pa msana, ndipo kutentha kumayamba matuza asanaoneke.

M'zaka za m'ma 1990 wachinyamata akatuluka mashingozi anthu ankangonong'ona kuti uyu wapita. Zinasintha. Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, ndipo kuyambira 2011 mayi woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi HIV amayamba mankhwala nthawi yomweyo. Si aliyense wa mashingozi ali ndi HIV, agogo ambiri amadwala alibe. Komabe yezetsani magazi, musachite kuganizira.

Mankhwala otchedwa acyclovir amaletsa kachirombo pamene kakuswana, koma kogona kaja sakakhudza. Amathandiza kwambiri mukayamba kumwa pasanathe masiku 3 matuza atatuluka. Apa ndi pamene ambiri timalakwa, timayamba tadikira kuti tione mawa. Matuza akakhala pamphumi, pamphuno kapena pafupi ndi diso, pitani tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha Mulanje, chifukwa diso likhoza kufa.

Musaboole matuza, musapake phulusa kapena kutemera. Sambitsani ndi madzi ndi sopo, nkuphimba ndi kansalu koyera. Madzi a m'matuzamo angapatse katsabola mwana wakhanda kapena mayi woyembekezera amene sanadwalepo, tsono asawakhudze mpaka atauma nkhanambo. Ngati mukuyamwitsa ndipo matuza sali pabere, phimbani, sambani m'manja, mwana ayamwe. Akakhala pabere, muyamwitseni bere linalo ndipo kaonaneni ndi anamwino.