LIMBA LA NSUNGWI LIMENE LINAPITA KU ULAYA NDI KUBWERAKO

Munthu wa kwa Mpezeni kapena wa ku Katete sacita kuuzidwa za nsungwi. Ndizo aluka nazo nkhokwe, malicero ndi mitanga, ndipo anyamata oweta ng'ombe amadulako citoliro. Adziwanso mdani wace wa nsungwi, ndiye nankafumbwe, amene aisandutsa ufa zisanapite zaka zambiri. Tsono nkhani ya lero ndi ya nsungwi zimene zinayamba kuyimba m'chalichi zaka 200 zapitazo, ndipo ziyimbabe.

Poyamba nkofunika kudziwa limba limene linenedwa pano. Pamene amishoni a Dutch anamanga Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1899, katundu anali kufika pa mitu ya amtengatenga. Limba lotheka kunyamulidwa motero ndi laling'ono lija lonnga bokosi, lopondaponda ndi mapazi. Koma liripo lina lalikulu, limba la zitoliro, limene licita kumangidwa m'kati mwa chalichi monga nyumba. Citoliro ciri conse ciri ndi liu limodzi lokha: cacitali cilira mokhuthala, cacifupi mopyapyala. Mvukuto, wonga wa osula makasu, ukankhira mphepo m'bokosi. Ndipo woyimba akadinikiza ndi cala, kacitseko katseguka, mphepo nilowa m'citoliro. Anthu a ku migodi adzamva msanga, pakuti makina ao oboolera mwala ayendanso ndi mphepo ya m'mipaipi.

Malimba otere amapangidwa ndi citsulo ndi matabwa. Koma kutali kum'mawa, m'zisumbu za Philippines, pa mudzi wa asodzi ndi ophika mcere wochedwa Las Piñas, panali wansembe wa ku Spain dzina lace Diego Cera, amene anali mmisiri wa malimba. Mudziwo unali wosauka, koma nsungwi zinali zambiri. M'caka ca 1816 iye anadulitsa nsungwi zokhwima, nazikwirira mu mcenga wa m'mbali mwa nyanja ya mcere miyezi yambiri, kuti tizirombo tisadzazikhumbe. Nchito inatha mu 1824. Limbalo liri ndi zitoliro 1,031, ndipo 902 mwa izo ndi za nsungwi. Zofunika kulira ngati malipenga anazipanga ndi citsulo, cifukwa pamenepo nsungwi inakana.

Masoka anadza pambuyo pace. Mu 1880 civomezi cinaononga chalichi, ndipo mu 1882 namondwe anasasula denga, mvula nilowa. Zitoliro zinacotsedwa ndi kusungidwa pambali, limba nilikhala cete zaka zambiri. Anthu anayesa kulikonza kangapo, koma silinabwerere mwakale.

Mu 1973 linatumizidwa kwa amisiri a Klais mu mzinda wa Bonn, ku Germany. Ici sicinali cinthu capafupi. Limba silinyamulidwa lathunthu monga kabati. Aliphwasula, ndipo kanthu kali konse kalembedwa cizindikiro, cifukwa citoliro cimodzi cikasocera, liu lace lasoweka m'nyimbo zonse. Coopsa ceni-ceni cinali nyengo. Kwao kwa limbalo nkotentha ndi kwa cinyontho. Ku Germany nkozizira, ndipo m'nyumba zotenthetsedwa ndi moto mpweya ndi wouma. Amene anaona mtanga ulikusweka m'mwezi wa Okotobala adziwa cimene kuuma kucita ndi nsungwi. Cifukwa cace amisiriwo anakonza cipinda capadera, cofunda ndi ca cinyontho monga kwao kwa nsungwizo, nagwiriramo nchito yao.

M'mwezi wa Marichi 1975 limba linabwera pa ndege, ndipo anthu a ku Las Piñas analilandira ndi cimwemwe cacikuru, naliimikanso m'chalichi ca Yosefe Woyera, m'mene Cera analimanga. Kuyambira 1976 pamacitika cikondwerero ca nyimbo, cimene akatswiri a maiko ena amadzayimbako. Mu 2003 Boma linalilemba pakati pa cuma ca mtundu wonse.

Koma canzeru coposa cinacitika mwakacetecete. Anyamata ena a m'kwaya ya chalichico anatumizidwa ku Ulaya kukaphunzira umisiri wa malimba, ndipo atabwera anatsegula nyumba ya nchito pa Las Piñas pomwepo, naicha dzina la Diego Cera. Citoliro cikasweka, wocikonza ndi mwana wa pamudzi.