Mfumu Macha ndi Zimbudzi za Anthu Ace

M'caka ca 2024 masukulu a m'Zambia anayenera kutsegulidwa pa 8 January, koma anakhala citsekere kufikira pa 12 February cifukwa ca nthenda ya kolera. Ku Lusaka bwalo lalikuru la mpira, National Heroes Stadium, linasanduka cipatala, ndipo m'dziko lonse anafa anthu oposa 700. Boma likhoza kutseka masukulu onse ndi lamulo limodzi, koma lamulo silikumba dzenje. Ndipo kolera ayenda ndi zonyansa za munthu zimene zilowa m'madzi ndi m'cakudya.

Cifukwa cace nkoyenera kukumbukira cimene cinacitika kwa Mfumu Macha, m'dziko la Atonga, m'boma la Choma. M'caka ca 2007 a UNICEF pamodzi ndi Boma anayesa kumeneko njira imene Kamal Kar anaiyamba ku Bangladesh. Njirayo ndi yacilendo, pakuti sipatsa munthu simenti kapena ndalama. Anthu a m'mudzi asonkhana, nayendera limodzi malo onse a kuthengo kumene amadzithandizira, nalemba mudzi wao pansi padothi, nyumba ndi nyumba. Pamenepo wotsogolera aika zonyansa pafupi ndi mbale ya cakudya, ndipo onse apenya ndi maso ao nchenche zirikutera uku ndi uku. Palibe amene afunanso ulaliki.

Koma manyazi a tsiku limodzi sakhalitsa, ndipo apa ndipo panafunika mfumu. Nkhani ya cimbudzi sikambidwa pamaso pa apongozi. Mwini dziko akaichula yekha pabwalo, pakamwa pa anthu onse pamasuka. Mfumu Macha anaitenga nkhaniyi ngati yace, nayenda nayo m'midzi, nauza nyakwawa zace kuti banja liri lonse likhale ndi cimbudzi cace. Pofika 2009 dziko lace linachulidwa loyamba m'Zambia kumene anthu analeka kupita kuthengo. Mau a mfumu akanapita ndi mphepo pakanapanda nyakwawa zobwerera kukaona khomo ndi khomo. Kuwerenga kumeneku ndiko anthu ambiri amakuiwala posimba mbiriyi.

Tsono mphunzitsi wa kumudzi ali pati? Wa zaumoyo wa kucipatala afika kamodzi kamodzi, njinga ikalola. Mfumu iri ndi milandu yambiri. Koma sukulu ilandira m'mawa uli wonse mwana wocokera pafupifupi m'nyumba iri yonse, ndipo mphunzitsi ndiye ali ndi buku ndi colembera. Iye adziwa msanga koposa onse kuti ana asanu a mudzi umodzi ajomba cifukwa ca kutsegula m'mimba, ndipo mau otere ayenera kufika kwa nyakwawa ndi kucipatala tsiku lomwelo, osadikira Lacisanu.

Pali cina cowawa. Mphunzitsi amene alembetsa ana malamulo a ukhondo pabolodi, pamene cimbudzi ca sukulu cadzaza ndipo ca atsikana ciribe citseko, sadzamvedwa pabwalo la mfumu. Ayambe pace: dzenje lakuya, civundikiro pabowo, cigubu ca madzi ndi sopo kapena phulusa pakhomo. Ndipo popeza zimbudzi za m'dothi lamcenga zimagwa ndi mvula, komiti ya makolo iziwerenge kawiri pacaka, mu October mvula isanagwe, ndi mu April itatha.