Khonje ndi udzu m'dothi: kuumba zidina zosang'aluka

Kuno ku Kasungu mitengo yatha. Fodya wa kampopi amafuna nkhuni, uvuni wa njerwa nawonso umafuna nkhuni. Kuyambira mu 2018, boma linaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga zikuluzikulu. Ife alimi tatsala ndi zidina. Vuto la zidina mukulidziwa: zimang'aluka. Khoma la balani likang'aluka, kutentha kumathawira panja, nkhuni zimapita zambiri ndipo fodya sauma mofanana. Mtengo wake kumsika umatsika.

N'chifukwa chiyani zimang'aluka? Dothi limapirira kulemera kochokera pamwamba, koma silipirira kukokedwa kapena kupindidwa. Likamauma limakhwinyata, mng'alu n'kuyamba. Ulusi wa zomera ndiye umapirira kukokedwa. Ukakhala m'dothi, umagwira mbali ziwiri za mng'alu kuti usapitirire.

Ulusi uliwonse uli ndi ntchito yake. Khonje ndi wopyapyala koma wolimba kwambiri, motero amamanga ming'alu ing'onoing'ono. Udzu ndi wofooka, koma umapeputsa chidina ndi kuthandiza kuti chiume pang'onopang'ono mpaka mkati. Ndiye funso lathu ndi ili: kodi tikaphatikiza ziwirizi, chidina chilimba kuposa cha ulusi umodzi? Tisangokhulupirira, tiyese tokha.

Tigawane magulu anayi. Gulu loyamba liumbe ndi dothi lokha, lachiwiri liike udzu, lachitatu khonje, lachinayi theka udzu theka khonje. Pa ndowa 10 za dothi, ikani ndowa imodzi ya ulusi wouma, woduladula kutalika ngati chala. Dothi, madzi ndi chikombole zikhale zofanana, apo ayi sitidzadziwa chimene chasintha. Pondani mpaka ulusi usaoneke m'magulumagulu. Gulu lililonse liumbe zidina 10 ndi kuziumitsa pamthunzi masabata atatu.

Zikauma tidzawerenga ming'alu. Kenako tidzagoneka chidina pa njerwa ziwiri, pakati pali mpata, n'kupachikapo ndowa ndi kuthiramo mchenga mpaka chithyoke. Mlembi alembe makapu a mchenga. Muonenso kathyokedwe kake: kodi chaduka kamodzin'kamodzi, kapena zidutswa zikugwirana?

Pali zoyenera kusamala. Ulusi ukachuluka, dothi siligwirana ndipo chidina chimafooka. Ulusi suteteza ku mvula kapena chiswe, choncho maziko akwere ndipo denga litulukire kunja ndithu. Pamalo osonkhera moto musaikepo zidina zaulusi, chifukwa ulusi umapsa n'kusiya mabowo. Mapesi a fodya musawagwiritse ntchito. Amenewo ndi ozula ndi kuwononga kuti matenda asafike ku nazale.

Sabata yamawa aliyense abwere ndi mtolo wa udzu wouma. Amene muli ndi khonje kumalire a munda, mupaliretu ulusi ndi kuuyanika. Mafunso alipo?