Database ikakana, session ikathawa: zomwe tinakambirana Loweruka

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti chinachitika n'chiyani tsiku lolembetsa mamembala lija, pomwe webusaiti yathu inangoti zii anthu ali pamzere. Lero ndiulule: vuto linali langa.

Uthenga umene unkaoneka unali "Too many connections", error 1040 ya MySQL. MySQL ukangoiika osasintha kalikonse, imalola ma connection 151 nthawi imodzi. Ine ndinkatsegula connection yatsopano mu function iliyonse, moti tsamba limodzi linkagwira khumi. Werengani nokha: anthu 16 atsegula tsamba pakamodzi, basi mjigo wadzaza, wina aliyense adikire ndi chidebe chake. Mankhwala ake ndi osavuta. Tsegulani connection imodzi poyambirira, ma function onse agwiritse ntchito yomweyo.

Database ikakana, musathamangire kufufuta code. Werengani kaye nambala ya error. Ikakhala 1045, ndiye kuti dzina kapena password ndi zolakwika. Izi zimachitika kwambiri mukachotsa ntchito pa XAMPP, pomwe root alibe password, n'kuiika pa seva yeniyeni. Ikakhala 2002 kapena 2003, PHP sikuipeza n'komwe MySQL. Onani ngati yayaka, onani host, onaninso port, yomwe nthawi zambiri ndi 3306.

Tsopano za session. Webusaiti simakumbukira munthu. Tsamba lililonse limakuonani ngati mlendo. Ndiye PHP imakupatsani cookie yotchedwa PHPSESSID, ngati kachiphaso kosungitsira katundu. Zinthu zanu zimakhala pa seva, inu mumangoyenda ndi nambala.

Ngati munthu akulowa koma tsamba lotsatira likumuiwala, onani session_start(). Iyenera kukhala pamwamba penipeni, pasanatuluke kalikonse. Ngakhale space imodzi yokha isanafike <?php imabweretsa "headers already sent". Ena mumadandaula kuti mukapita kukadya nsima mumapeza mwatulutsidwa. Eetu, PHP imatha kufufuta session imene yakhala masekondi 1440 osagwiritsidwa ntchito, omwe ndi maminitsi 24.

Koma chomwe chinandisowetsa tulo ndi ichi. Mtsikana wina analembetsa pa kompyuta ya pano pa kalabu n'kunyamuka. Wobwera pambuyo pake anapeza dzina lake ndi nambala yake ya foni zili poyera. Batani langa la logout linkangobwezera munthu kutsamba loyamba, osaitana session_destroy(). Anzanga, anthu akatipatsa manambala awo amakhala atatikhulupirira. Choncho munthu akangolowa, itanani session_regenerate_id(true). Akamatuluka, fufutani session yonse ndi cookie yomwe. Ndiponso ma error musamawaonetse kwa anthu, azipita mu log, chifukwa amaulula dzina la database yanu.

Loweruka likubwerali bwerani ndi ma laputopu. Ndidzaiwononga dala webusaitiyi malo atatu, inu mudzaikonze.