Chipolopolo cha Njobvu ndi Mbalame za ku Chilwa

Mu 1912 kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa chipolopolo cha .375 Magnum, chotha kugwetsa njobvu ndi njati. Alenje achizungu anachitamanda kwambiri, ngakhale kuti mfuti yake njolemera ndipo imakankha phewa la woombayo.

M'chigwa cha Phalombe njobvu zinatha kalekale. Mmene zinkadutsa muli minda tsopano. Zimene zatsala ku Nyanja ya Chilwa ndi mbalame za m'njedza, abakha ndi atsekwe. Mlenje wa kumeneko amadalira misampha, ulimbo ndi chifefe, pakuti chipolopolo cha njobvu chinganyenye bakha, ndiwo osaoneka. Koma nsomba zikasoŵa, monga pamene nyanja inaphwa mu 1995, asodzinso amasanduka alenje, ndipo misampha yachabechabeyo imatha mbalame zambirimbiri.