Za Kupanga Kaundula wa Amisiri ndi Amalonda pa Intaneti

Mau amene anakambidwa pa Msonkhano Waukulu wa pa Chaka



Komiti ya Bungwe lino yakhala ikulingalira zopanga tsamba la pa intaneti m'mene mudzalembedwa maina a amisiri, eni masitolo, eni zigayo, atelala, okonza njinga ndi ena otero a m'boma lino, kuti munthu wofuna thandizo lao awapeze msanga. Ganizo limeneli ndi labwino ndithu. Koma popeza nchitoyi idzadya ndalama za chopereka cha mamembala, nkoyenera kuti asanaimike manja kubvomereza, ayambe amva m'mene kaundula wotere amapangidwira, ndiponso chimene chinagwetsa akaundula ena otchuka amene anali ndi chuma choposa cha Bungwe lino kutalitali.

Kaundula wa maina si chinthu chachilendo ai. Ndandanda yoyamba ya anthu okhala ndi lamya inatuluka mu mzinda wa New Haven, ku America, pa 21 February 1878. Linali pepala limodzi lolimba lokhala ndi maina 50, lopanda manambala, pakuti masiku amenewo woimba lamya ankangotchula dzina kwa wolumikiza mawaya. Chokondweretsa nchakuti ngakhale pa pepala limodzi lomwelo mainawo anali atagawidwa kale m'magulu: nyumba za anthu pazokha, madokotala paokha, masitolo ndi mafakitale paokha, misika ya nyama ndi nsomba payokha. M'menemo ndimo munachokera mabuku aja a mapepala achikasu otchedwa Yellow Pages, amene ku Britain anayambira mu mzinda wa Brighton m'chaka cha 1966 ndi kuleka kusindikizidwa mu 2019, anthu atazolowera kufunafuna zinthu pa intaneti.

Tsono kaundula wa pa intaneti amapangidwa bwanji? Pachiyambi tsamba liri lonse linkalembedwa pamanja m'chilembo cha makompyuta chotchedwa HTML, kotero kuti nambala imodzi ya lamya ikasintha pankafunika kuitana katswiri. Lero kuli mapulogalamu amene Angerezi amawatcha content management system, kapena CMS mwachidule, ndipo nzeru yake kalaliki ali yense wa mu ofesi aidziwa kale. Mu ofesi mumakhala kabati ya makadi, mumakhala fomu yosindikizidwa imene makadi onse amatsata, ndiponso mumakhala kalaliki wokhala ndi kiyi. Chimodzimodzi mu CMS: maina ndi manambala amasungidwa m'nkhokwe yaoyao yotchedwa detabesi, maonekedwe a tsamba, amene amatchedwa theme, ali ngati chobvala chimene chingasinthidwe osakhudza za m'nkhokwe, ndipo kumbuyo kuli chipinda cholowera ndi mau achinsinsi, m'mene mlembi amadzaza fomu monga momwe angadzazire ya papepala. Mlendo akafunsa za atelala a pa msika wakutiwakuti, pulogalamuyo imatapa m'nkhokwe makadi oyenera, niwabveka chobvala chija, niwaonetsa pa foni yake. Nambala ikakonzedwa pa kadi limodzi, yakonzedwa pali ponse pamene imaoneka.

Mapulogalamu otere odziwika kwambiri alipo atatu. Drupal inayambidwa ndi Dries Buytaert wa ku Belgium mu 2001. WordPress inatulutsidwa ndi Matt Mullenweg ndi Mike Little mu May 2003. Joomla inabadwa mu 2005. Onsewa ndi aulere, pakuti chilolezo chao cha GPL chimalola munthu ali yense kuwatenga, kuwagwiritsa nchito ndi kuwasintha. Drupal ndi yamphamvu pa kusanja zinthu zambirimbiri, koma imafuna munthu wophunzira bwino za makompyuta. Kwa bungwe laling'ono WordPress ndiyo yoyenera, osati chifukwa iposa zinzake pa zonse, koma chifukwa masamba pafupifupi anai mwa khumi ali onse a pa intaneti amayendera imeneyi, motero mnyamata amene anaikonza akapeza nchito ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, sikubvuta kupeza wina woidziwa. WordPress inayamba ngati chida cholembera nkhani za tsiku ndi tsiku, koma kuyambira mu 2010 inalola kuti munthu apange mtundu wakewake wa makadi. Palinso tizipangizo toonjezera totchedwa mapulagini, monga GeoDirectory, Directorist ndi Business Directory Plugin, timene timabwera ndi fomu ya kaundula, bokosi lofufuzira ndi mapu zokonzeratu.

Pulogalamu ndi yaulere, koma zinthu ziwiri zimalipiridwa chaka ndi chaka: dzina la tsamba, limene lingathere ndi .mw, chizindikiro cha Malawi, kapena .org, ndi malo pa seva, ndiyo kompyuta yosazima usana ndi usiku m'mene tsambalo limakhala.

Nchito yeniyeni imayamba kompyuta isanayatsidwe, ndipo imafuna pensulo ndi pepala basi. Komiti iyenera kugwirizana za mizere ya pa kadi: dzina la munthu kapena la sitolo, mtundu wa nchito, malo, nambala ya foni, masiku otsegula. Pa mtundu wa nchito mpamene ambiri amaphunthwa. Anthu akaloledwa kulemba okha monga afunira, wina adzalemba kuti kalipentala, wina mmisiri wa matabwa, wina wokhoma mipando, ndipo kompyuta, imene iribe nzeru yakudziwa kuti atatuwa ndi amodzi, idzaonetsa mmodzi ndi kubisa awiri. Chotero mitundu ya nchito ilembedwe kamodzi ndi Komiti, ndipo wolembetsa azingosankha pa ndandanda. Isachuluke, magulu makumi awiri odzaza aposa magulu zana okhala ndi dzina limodzilimodzi. Malo nao akhale ndi ndandanda yake, ya misika ndi madera a mafumu, yosiyana ndi ya nchito, kuti munthu athe kufunsa ziwirizo pamodzi: wowotcherera zitsulo, pa msika wakuti. Ndipo popeza m'midzi ndi m'misika yambiri nyumba ziribe manambala, pakhale mzere wolongosola njira monga momwe anthu amalongosolera pakamwa, kuti kuseri kwa chigayo, moyang'anana ndi mjigo. Kadontho ka pa mapu a OpenStreetMap kangathandize, koma mau otere sangasowe.

Za maonekedwe sipafunika kunenapo zambiri. Ogulitsa ma theme amaonetsa masamba a zithunzi zikuluzikulu zoyenda zokha, ndipo Komiti idzakopeka nazo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu a m'boma lino adzatsegula tsambalo pa foni ya m'manja, ndi bandulo yogula ndi ndalama yobvutikira, mwina kumene netiweki ikubwera mwa apo ndi apo. Tsamba lopepuka, la chithunzi chimodzi chaching'ono ndi nambala yoimbika pongoikhudza, ndilo lidzawatumikira.

Nanga ndani adzaloledwa kulemba? WordPress imagawa maudindo monga momwe ofesi imagawira. Administrator ali ndi makiyi onse. Editor angakonze ndi kutulutsa zolemba za wina ali yense. Contributor angalembe, koma cholemba chakecho chimadikira kufikira wamkulu atachiona. Dongosolo limeneli lisanyozedwe. Fomu yotsegukira dziko lonse, yopanda woyang'anira, imadzaza msanga ndi zolengeza zabodza zotumizidwa ndi makina ochokera kutali, ndiponso ndi anthu ofuna kulandira ndalama za chikole pa katundu amene alibe. Dzina likaoneka pa tsamba la Bungwe, wowerenga adzayesa kuti Bungwe likumdziwa munthuyo, ndipo akaberedwa mlandu adzauika pa Bungwe. Motero pasatuluke kadi limene membala wodziwika wa dera limenelo sanalichitire umboni. Mwini wake nayenso abvomereze polemba kuti dzina ndi nambala yake ziikidwe poyera. Ulemu umafuna chomwecho, ndipo kuyambira mu 2024 dziko la Malawi liri ndi lamulo la Data Protection Act loteteza mbiri ya munthu.

Pano tsono pafika nkhani imene mamembala ayenera kuimvetsa koposa zonse. Mu 1994 ophunzira awiri a pa Stanford University, Jerry Yang ndi David Filo, anayamba kulemba ndandanda ya masamba a pa intaneti, kuwasanja m'magulu ndi timagulu, ndipo ndandanda imeneyo ndiyo inasanduka Yahoo. Inakula kufikira kuti amalonda ankalipira madola 299 pa chaka kuti tsamba lao lionedwe ndi kulembedwamo. Mu 1998 Rich Skrenta ndi Bob Truel anayambitsa ina yaulere, imene inadzatchedwa Open Directory Project kapena DMOZ, yosanjidwa ndi anthu odzipereka a m'maiko ambiri, ndipo inafika posunga masamba mamiliyoni angapo. Onse awiri anatsekedwa: kaundula wa Yahoo mu December 2014, DMOZ mu March 2017. Makompyuta anali nao, akatswiri anali nao. Chimene chinawalaka ndi kusintha kwa zinthu zimene analemba. Masamba ankafa, ena ankasamuka, atsopano ankabadwa ochuluka koposa m'mene manja a anthu akanathera kuwaona, ndipo ofuna kulembedwa mu DMOZ ankadandaula kuti akudikira miyezi yambiri osayankhidwa. Pomwepo Google, imene imatuma makina kuyendera masamba usana ndi usiku m'malo mwa anthu, inawalanda owerenga.

Wina angafunse kuti, ngati zimphona zotere zinagwa, Bungwe la m'boma limodzi likudzibvutiranji? Yankho ndi lakuti makina a Google amapeza chokhacho chimene chinalembedwa kale pa intaneti. Mmisiri wa zidebe wa pansi pa mtengo wa mango alibe tsamba. Mai woumba mbiya, mwini ngolo yobwereketsa, womanga zitsime, makina sangawaone. Amene angawapeze ndi munthu woyenda ndi miyendo, wodziwa mudzi ndi mudzi, ndipo chuma chimenecho Bungwe lino liri nacho mwa mamembala ake. Koma matenda amene anagwira DMOZ sasankha wamkulu kapena wamng'ono. Amisiri amasamuka kutsata nchito, mafoni amabedwa, masimu amasinthidwa, sitolo yotsegulidwa nthawi yokolola imatsekedwa nthawi ya dzinja, ndipo anthu amamwalira. Mai amene walipira minibasi kupita ndi kubwera kukafuna wokonza makina osokera amene anachoka chaka chatha sadzatsegulanso tsambalo, ndipo adzauza anzake a ku mpingo ndi a ku chigayo.

Chifukwa chake pa kadi liri lonse payenera kukhala mzere wina woposa yonse ija, ndiwo tsiku limene munthu wa Bungwe anatsimikiza komaliza kuti zolembedwazo nzoona, ndipo tsikulo lizioneka kwa wowerenga. Mapulagini a kaundula amalola kuika nthawi imene kadi lidzathera mphamvu. Nthawiyo ikakwana popanda wolitsimikiza, kadilo limabisika lokha. Miyezi isanu ndi umodzi ingakhale muyeso wabwino. Masamu ake ndi apafupi: kaundula wa maina 300 wotsimikizidwa kawiri pa chaka afuna mafoni 600, ndiko kuti pafupifupi khumi ndi awiri pa sabata, ndipo ena osayankha adzafunika kuwayendera pa njinga. Nchito imeneyi siingasiyidwe kwa "ali yense amene ali ndi mpata", pakuti wotero sapezeka. Pasankhidwe munthu mmodzi pa msika uli wonse, dzina lake lilembedwe m'maminiti, ndipo Msungichuma apatule ndalama ya mayunitsi chaka chisanayambe. Ngati ndalamayo ikwanira maina 100 okha, kaundula ayambe ndi 100.

Ndalama zina zingachokere kwa olembedwa eni ake, kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Pamenepa pali yesero. Mwini sitolo yaikulu adzafuna kulipira zambiri kuti dzina lake likhale pamwamba pa anzake. Nzololeka, malinga palembedwe poyera kuti malo amenewo ndi olipiridwa. Ndipo mmisiri wosauka asachotsedwe chifukwa chosowa ndalama, popeza ndiye amene kaundulayu akumpangira.

Chatsala ndi chisamaliro cha pulogalamu yeniyeniyo. Eni ake amatulutsa zokonza kawirikawiri, ndipo zimenezi siziyenera kuzengerezedwa. Pa 15 October 2014 a Drupal analengeza za chiboo choopsa m'pulogalamu yao, ndipo patapita masabata awiri anachenjeza kuti tsamba liri lonse limene silinakonzedwe m'maola asanu ndi awiri oyamba liyesedwe kuti akuba analowamo kale. Mu WordPress ziboo zambiri zimapezeka m'mapulagini, choncho akhale owerengeka, ndipo osagwira nchito achotsedwe. Makina nao amafa: mu October 2006 seva yaikulu ya DMOZ inaonongeka, ndipo osanja ake anakhala pafupifupi miyezi iwiri osatha kugwira nchito. Kope la nkhokwe yonse litengedwe sabata iri yonse ndi kusungidwa kwina, ndipo kamodzi pa chaka ndandanda isindikizidwe papepala ndi kuikidwa m'faelo ya Mlembi.

Dzina la tsamba lilembetsedwe m'dzina la Bungwe, osati la mnyamata wolipanga, ngakhale akhale mwana wa membala wokhulupirika, pakuti amene dzina liri m'manja mwake ndiye mwini tsamba, ndipo tsiku lolipira likapitirira dzinalo lingagulidwe ndi mlendo. Tsiku limenelo lilembedwe m'buku la Msungichuma pamodzi ndi ngongole zina za pa chaka. Mau achinsinsi a Administrator akhale ndi anthu awiri, Mlembi ndi Wapampando, m'envulopu yomata, ndipo asinthidwe nthawi iri yonse pamene Komiti yatsopano yalowa.