Voti ya mayi ndi umboni wake pamaso pa Allah



Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini zolengedwa zonse, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa akubanja lake ndi pa Maswahaba ake onse.

Olemekezeka Masheikh, mafumu athu, abambo ndi amayi, abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ine ndine mwalimu wa ku madrassa, ndipo sindinaime pano kuti ndikuuzeni munthu woti mukamuvotere. Ndabwera ndi nkhani imodzi: voti ya munthu wamkazi ndi yake, ndipo adzaiyankhira yekha pa Tsiku la Chiweruzo.

Pa chisankho china m'mbuyomu, mayi wina amene ana ake ndinkawaphunzitsa anandiuza kuti sanakavote. Kulembetsa analembetsa, koma amuna ake anatsekera chiphaso chake m'sutikesi chifukwa anasemphana maganizo pa za munthu woyenera kukhala phungu. Mayiyo sanakwiye. Anangondifunsa kuti, "Mwalimu, nanga si Chisilamu chimatero, kuti tizimvera abambo?" Chimene chinandipweteka n'chakuti iye ankakhulupirira kuti ndi chipembedzo chake chimene chamulanda voti. Ngati amayi athu akuganiza choncho, ndiye kuti ife aphunzitsi pali pena pamene sitinaphunzitse bwino.

Ambiri tikamva mawu akuti ufulu wa amayi timayamba tachita tsinya. Timati ndi za jenda, zobwera ndi mabungwe akunja, zofuna kupasula mabanja. Zoonadi, si zonse zimene zimanenedwa m'misonkhano yotere zimene Msilamu angazivomereze, ndipo tili ndi ufulu wozisefa. Koma tisanakane, titsegule kaye mabuku athu, tione zimene zinkachitika ku Makkah ndi ku Madinah zaka zoposa 1,400 zapitazo.

M'chaka cha 622, Hijrah isanachitike, anthu a ku Madinah anakumana ndi Mtumiki usiku pamalo otchedwa Aqabah n'kumulonjeza kuti amulandira ndi kumuteteza. Lonjezo lotere limatchedwa bay'ah, ndipo ndiyo njira imene anthu ankavomerezera mtsogoleri wawo. Pa gululo panali amuna 73 ndi akazi awiri, Nusaybah bint Ka'b ndi Asma bint Amr. Patsogolo pake Allah anavumbulutsa ndime ya 12 ya Surah Al-Mumtahanah, yolamula Mtumiki kuti azilandira bay'ah ya akazi okhulupirira akabwera kwa iye. Taonani kuti sanauzidwe kuti lonjezo la mwamuna likwanire banja lonse. Mkazi ankabwera yekha n'kulankhula ndi pakamwa pake.

M'chaka cha 628, pa pangano la Hudaybiyah, Maswahaba pafupifupi 1,400 anakhumudwa kwambiri pouzidwa kuti abwerere osachita Umrah. Mtumiki anawalamula katatu kuti azinge nyama zawo ndi kumeta, koma panalibe anadzuka. Analowa m'hema mwa mkazi wake, Mayi Umm Salamah, n'kuwafotokozera. Mayiwo anamulangiza kuti atuluke osalankhula ndi munthu, azinge nyama yake ndi kumeta. Anachita zomwezo, ndipo anthu onse anadzuka n'kutsatira. Pa tsiku lovuta ngati limenelo, maganizo amene anapulumutsa gulu anachokera kwa munthu wamkazi, ndipo Mtumiki sanachite nawo manyazi.

Khalifah Umar atavulazidwa m'chaka cha 644, anasiya amuna asanu ndi mmodzi kuti asankhe mtsogoleri pakati pawo. Olemba mbiri ya Chisilamu amasimba kuti Abdurrahman bin Auf anayenda masiku atatu mu Madinah akufunsa anthu maganizo awo pakati pa Uthman ndi Ali, ndipo anafunsa ngakhale amayi amene anali m'nyumba zawo. Ngati Swahaba wamkulu ngati ameneyu anaona kuti mtsogoleri sangasankhidwe popanda kumva amayi, ife tili ndi mphamvu yanji yotsekera chiphaso m'sutikesi?

Tsopano tibwere pa funso la mayi uja. Inde, Chisilamu chinapereka udindo wotsogolera banja kwa bambo, ndipo mkazi wabwino amalemekeza mwamuna wake. Koma pali zinthu zimene Shariah inaziika m'manja mwa mkazi mwini. Mahari ndi ake, ndipo ndime ya 4 ya Surah An-Nisa imalola mwamuna kudyako pokhapokha mkaziyo atapereka mwa kufuna kwake. Gawo lake la chuma cha masiye ndi lake. Chilolezo cha nikah ndi chake: Khansa bint Khidham atakwatiwitsidwa ndi bambo ake iye asakufuna, anakadandaula kwa Mtumiki ndipo ukwatiwo unathetsedwa. Voti nayo ili m'gulu lomweli, chifukwa kuvota ndi kupereka umboni wakuti munthu uyu ndi woyenera kusenza amanah ya anthu. Ndime ya 283 ya Surah Al-Baqarah imaletsa kubisa umboni, ndipo ndime ya 135 ya Surah An-Nisa imatilamula kuikira umboni mwachilungamo ngakhale utakomera mbali imene achibale athu sakuifuna. Umboni wouzidwa ndi wina si umboni. Bambo amene akukakamiza mkazi wake kuchonga pamene mtima wake sukufuna akumuchititsa umboni wonama, ndipo tchimolo adzalisenza nawo.

Malamulo a dziko lathu nawonso akugwirizana ndi zimenezi. Nzika iliyonse ya zaka 18 kapena kuposerapo ili ndi ufulu wovota mwachinsinsi, ndipo gawo la 24 la malamulo aakulu a dziko limateteza amayi kuti asasalidwe chifukwa chakuti ndi akazi kapena chifukwa chakuti ali pabanja. M'kachipinda kovotera simulowa mwamuna wanu, mfumu kapena Sheikh. Mumakhala inu nokha ndi Allah amene akukuonani.

Ena afunsa kuti, nanga mkazi akaimira yekha pa mpando? Sindibisa kuti pali Hadith yodziwika, yosimbidwa ndi Abu Bakrah, imene Mtumiki anainena atamva kuti anthu a ku Persia alonga mwana wamkazi wa Kisra ufumu. Ma Ulama ambiri akale anaimvetsa kuti ikuletsa mkazi kukhala pa mpando waukulu wa Khalifah, pamene ena amati inkanena za ufumu wa Persia wa nthawi imeneyo. Ngakhale pa maudindo ena anasiyana maganizo: Imam Abu Hanifah analola mkazi kuweruza milandu yambiri, ndipo Imam At-Tabari anamulola kuweruza milandu yonse. Qur'an nayo, mu Surah An-Naml, imasimba za mfumu yaikazi ya ku Saba imene inkafunsa nduna zake isanagamule nkhani, ndipo mapeto ake inagonjera Allah pamodzi ndi Mneneri Sulaiman. Khansala kapena phungu si Khalifah. Ndi mtumiki wotumidwa ndi anthu kukawalankhulira, ndipo ndime ya 71 ya Surah At-Tawbah imaika ntchito yolamula zabwino ndi kuletsa zoipa pa amuna ndi akazi okhulupirira limodzi. Maiko a Asilamu ambiri monga Pakistan mu 1988, Bangladesh mu 1991 ndi Indonesia mu 2001 anatsogoleredwapo ndi amayi, ndipo kwa anansi athu ku Tanzania mayi wa Chisilamu wa ku Zanzibar, Samia Suluhu Hassan, anakhala mtsogoleri wa dziko mu 2021.

Sindikunena kuti muvotere munthu chifukwa chakuti ndi mkazi. Ndikunena kuti musamukane chifukwa chakuti ndi mkazi. Muyezo ukhale umodzi kwa onse: luso pa ntchito ndi kukhulupirika. Mwambi uja wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo si ndime ya Qur'an, si Hadith. Ndipo kutukwana mayi amene akupikisana nawo, kumunenera za chiwerewere popanda mboni zinayi, ndi tchimo lalikulu limene Surah An-Nur inaliikira chilango. Nyengo ya kampeni siichotsa tchimo limenelo. Pa chisankho cha 2019, mwa mipando 193 ya ku Nyumba ya Malamulo, amayi sanafike ndi pa 50 pomwe, chonsecho iwo ndiwo ochuluka m'dziko muno.

Ganizirani za midzi yathu ya ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Machinga. M'makomo ambiri abambo ali ku Joni kapena agona pa nyanja, ndipo amene akudziwa mtengo wa ufa, mtunda wopita kuchipatala pa nthawi ya matenda a uchembere, ndi mjigo umene unafa chaka chatha, ndi amayi. Ndi iwo amene amayanika usipa pa thandala, ndipo ndi iwo amene ena amawauza kuti agone nawo kaye kuti awagulitse nsomba. Ndi ana awo aakazi amene amasowa m'kalasi mwanga akangotha msinkhu, pamene kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ndi iwo amene amalandidwa katundu mwamuna akamwalira, pamene Qur'an inawapatsa gawo ndipo lamulo la dziko la 2011 linaika kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu. Munthu wodziwa zonsezi ndi mboni yeniyeni, ndipo mudzi umene ukutseka pakamwa mboni zake umasankha mwakhungu.

Choncho amayi anga, pitani ku misonkhano mutavala hijab yanu, ndipo funsani. Funsani za ndalama za CDF, za zipatala za amayi oyembekezera, za malo ogona atsikana m'sukulu za sekondale zoyendera, za ngongole zopanda katapira. Chitenje ndi ndalama za pa msonkhano zisakugulireni umboni wanu, pakuti chitenje chidzang'ambika zaka zisanu zisanathe. Sungani nokha chiphaso chanu, ndipo pa tsikulo lawirirani.

Inu abambo anzanga m'chikhulupiriro, kambiranani ndi akazi anu monga Mtumiki anachitira ndi Mayi Umm Salamah. Nenani maganizo anu, mverani awo, kenako asiyeni. Ngati mukusunga chiphaso chimene si chanu, kachibwezeni lero, pakuti ndime ya 58 ya Surah An-Nisa imalamula kubweza amanah kwa eni ake. Voti ikasiyana m'nyumba, banja lisagwedezeke. Nikah yanu inamangidwa pa dzina la Allah, osati pa chipani.

Tikupempha Allah kuti atipatse atsogoleri omuopa Iye ndi otichitira chifundo, ateteze dziko lathu ku ziwawa, ndipo atikhululukire pamene tinapondereza amayi athu, akazi athu ndi ana athu aakazi m'dzina la chipembedzo chake. Ameen.